Naltrexone wa mlingo wochepa: zomwe ogwira ntchito m'boma ayenera kudziwa

Naltrexone ndi mankhwala omwe amatchinga mphamvu ya mankhwala oletsa ululu a gulu la opioid, monga morphine, pethidine, codeine ndi tramadol. Madokotala ena ku America ndi ku Ulaya akhala akupereka mankhwalawa pa mlingo wochepa kwambiri kwa anthu odwala matenda a mgonagona. Njirayi imadziwika mwachidule kuti LDN, ndipo mbiri yake yafala kwambiri pa intaneti ngakhale kuti umboni woti imathandiza ndi wochepa.

Chiyambi chake

Mankhwalawa adapangidwa koyamba m'dziko la America m'chaka cha 1963. Bungwe loona za chakudya ndi mankhwala m'dzikolo la FDA lidawavomereza m'chaka cha 1984 kuti azithandiza anthu ofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo monga heroin, ndipo mu 1994 lidawavomerezanso kwa anthu ofuna kusiya uchidakwa. Pa ntchito ziwirizi wodwala amamwa mamiligalamu 50 patsiku.

Ganizo lochepetsa mlingo lidachokera kwa Dr Bernard Bihari wa mu mzinda wa New York, yemwe cha m'ma 1985 adayamba kuyesa mankhwalawa pa odwala Edzi, pa nthawi yomwe kudalibe ma ARV. Masiku ano mlingo wa LDN umakhala pakati pa mamiligalamu 1.5 ndi 4.5 patsiku. Bungwe la FDA silidavomereze mlingo umenewu pa nthenda ina iliyonse.

Momwe akuti imagwirira ntchito

Thupi la munthu limapanga lokha michere yoziziritsa ululu yotchedwa endorphin. Akatswiri ena akuganiza kuti mlingo wochepa wa naltrexone ukatchinga njira za michereyi kwa maola owerengeka, thupi limayamba kupanga yochuluka. Ena akuti mankhwalawa amachepetsa kutupa m'mitsempha ya mu ubongo ndi mu msana. Maganizo onse awiriwa adakali kufufuzidwa.

Zomwe kafukufuku wapeza

Kafukufuku wambiri wachitika pa nthenda ya fibromyalgia yomwe imaphwanyitsa thupi lonse, ya Crohn yomwe imatupitsa matumbo, ndi ya multiple sclerosis yomwe imawononga mitsempha. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Stanford adalengeza zotsatira za kafukufuku wa amayi 31 odwala fibromyalgia. Ululu udatsika ndi pafupifupi 29 peresenti pomwe amayiwo ankamwa LDN, ndi 18 peresenti pomwe ankamwa mapiritsi opanda mankhwala.

Koma kafukufuku wokulirapo wa ku Denmark, yemwe adasindikizidwa mu 2024 m'magazini ya The Lancet Rheumatology, adapeza zosiyana. Mwa amayi 99, omwe adamwa mamiligalamu 6 patsiku kwa masabata 12 sadapeze mpumulo wa ululu woposa wa anzawo omwe adamwa mapiritsi opanda mankhwala. Palibenso kafukufuku yemwe wasonyeza kuti LDN imachiza khansa kapena kugonjetsa kachilombo ka HIV monga momwe ma ARV amachitira.

Kuopsa kwake

Omwa LDN ena amadandaula za maloto odabwitsa, kusowa tulo, mutu ndi mseru. Vuto lalikulu lili pa odwala omwe akumwa morphine kapena tramadol. M'dziko muno morphine wamadzi amaperekedwa m'zipatala kwa odwala khansa ndi matenda ena opweteka kwambiri, ndipo ambiri amamwera kunyumba. Wodwala wotere akamwa naltrexone, mphamvu ya morphine imatha mwadzidzidzi, ululu umabwerera, ndipo amatha kuyamba kusanza, kutsegula m'mimba, kutuluka thukuta ndi kunjenjemera. N'chifukwa chake madokotala amadikira masiku 7 mpaka 10 munthu atasiya mankhwala a opioid asanam'patse naltrexone. Womwa mankhwalawa ayeneranso kudziwitsa achipatala asanachitidwe opaleshoni.

Vuto lina ndi loti wodwala akhoza kusiya mankhwala odalirika pokhulupirira zomwe wamva. Boma lidayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo kuwadukiza kumachititsa kuti kachilombo kachulukane ndi kuyamba kupima mankhwala.

Udindo wa ogwira ntchito m'madera

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri madera a m'malire monga Lizulu m'boma la Ntcheu. Msika wa Lizulu, wotchuka ndi kachewere, kabichi ndi tomato, uli pa msewu wa M1 pomwe msewuwo wayenda m'malire a Malawi ndi boma la Angonia m'dziko la Mozambique. Anthu ndi katundu amadutsa mbali zonse tsiku ndi tsiku, choncho mankhwala osadziwika gwero lake akhoza kufika kwa odwala mosavuta.

Malinga ndi lamulo la 2019, bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe lidalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndilo lili ndi mphamvu zolembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Kugulitsa mankhwala a chipatala popanda chiphaso ndi mlandu.

Alangizi a zaumoyo, aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi mafumu akafunsidwa za LDN ayenera kutumiza wofunsayo ku chipatala chapafupi kapena ku chipatala chachikulu cha boma la Ntcheu, atanyamula buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse omwe akumwa.