Za Unkhoswe ndi Kuugwira Mtima pa Gombe la Makokola

Pali mau awiri amene ife aphunzitsi tiwasokoneza kawirikawiri polangiza mkazi amene banja lace lagwedezeka, ndiwo "kuugwira mtima" ndi "kukhala cete." Oyambawo ali ndi mneni wa nchito: munthu augwira mtima monga agwira nkhafi pa mwera, kuti bwato lisamire. Aciwiriwo anena za pakamwa pokha. Tsono tione umo makolo a gombe lino, kuyambira ku Makokola kufikira kwa Mponda, anasiyanitsira ziwirizi.

Anyanja ndi Ayao a kuno anatsata mtundu wa kucikazi. Mwamuna anamanga nyumba kwao kwa mkazi, ndico cikamwini, ndipo mkaziyo anakhala pakati pa amace ndi abale ace, mbumba imene mlongo wao anaiyang'anira. Ayao amuchula asyene mbumba. Ukwati sunayesedwa ukwati popanda ankhoswe, wa kucimuna ndi wa kucikazi. Pakabuka ndeu, mkazi sanathamangira ku bwalo. Anayamba kuimba cidandaulo cace pa mtondo, kuti mudzi umve popanda kuchula dzina; napita kwa anamkungwi amene anamlangiza ku nsondo, kapena pa litiwo, mwambo wa mimba yoyamba. Kumeneko analira kufikira misozi itatha. Atapola mtima, pamenepo ankhoswe anakhazika awiriwo pa mphasa, nafunsa yense payekha, ndipo wolakwa anadzudzulidwa, angakhale ndiye mwamuna. Mlandu wokanika unakwera kwa mfumu.

Tisayese kuti zonse zinali zokoma. J. Clyde Mitchell, amene anakhala pakati pa Ayao kuyambira 1946 kufikira 1949, nalemba buku lace The Yao Village (1956), anapeza kuti maukwati anali kutha kawirikawiri. Koma mkazi wosudzulidwa sanataya munda kapena ana. Mwamuna ndiye ananyamula katundu. Tiganiza kuti apa panagona mphamvu ya uphungu uja, pakuti mkazi anaugwira mtima ali pa nthaka ya kwao.

Amishoni anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo a UMCA anakhala kwa Mponda mu 1896 ndi ku Malindi mu 1898. Unkhoswe anaulemekeza, kotero kuti omasulira Buku Lopatulika la 1922 anatenga mau a Nkhoswe kuchulira Mzimu Woyera. Cinamwali cokha anacikaikira. A Mishoni ya ku Nkhoma anaika cilangizo m'malo mwace, ndipo mu 1940 amai anayamba Cigwirizano. Nchito yabwino inacitika pamenepo, komabe tibvomereze kuti ena mwa ife tinafupikitsa mwambo wonse uja, natsala mau amodzi, akuti "pirira." Mkazi wotupa maso anauzidwa kubwerera ku nyumba, osamfunsa cimene cinamtupitsa.

Pa nyengo yomweyo amuna anali kupita ku migodi ya Wenela, ndi akazi ena kutengedwa citengwa, kutali ndi mbumba. Amene anali kumva kulira kwao anatsala m'mbuyo.

Boma linalowapo mocedwa. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja linadza mu 2006, ndi lamulo la ukwati, kusudzulana ndi za m'banja mu 2015. Ndipo ku polisi kunatsegulidwa zipinda zomvera madandaulo a ozunzidwa. Alangizi ophunzira a masiku ano aphunzitsa mkazi kuchula cimene cimpweteka, kudikira mkwiyo uzirale asanayankhe, ndi kudziwa kothawira ngati moyo wace uli pangozi. Zambiri za izi agogo anazidziwa osaziwerenga m'buku. Cimene sanacione ndi ici, cakuti mwamuna ali ku Johannesburg caka cacitatu, mkazi ali ku Makokola ndi ana, ndipo ankhoswe akumva mlandu pa lamya, mphasa ili yopinda.