Shuga wa mtundu wachiwiri pakati pa anthu a ku South Asia

Anthu ochokera ku India, Pakistan, Bangladesh ndi Sri Lanka amadwala shuga wa mtundu wachiwiri adakali aang'ono msinkhu, ena asananenepe n'komwe, chifukwa mafuta amakonda kuwaunjikana pamimba. N'chifukwa chake ku Britain chiopsezo chawo amachiwerengera kuyambira zaka 25, pomwe cha azungu amayambira 40. Chiuno chikafika masentimita 90 kwa bambo kapena 80 kwa mayi, ndiye kuti mpofunika kusamala.

Nkhani yaikulu ili m'mbale. Mpunga woyera, chapati, tiyi wothira shuga wambiri ndi zotsekemera ngati jalebi zimakweza shuga msanga. Kuwaletseratu mpunga sikuthandiza kwenikweni. Chanzeru n'kuchepetsa mlingo, kuonjezera mphodza za dal ndi masamba, kuchepetsa mafuta a ghee, ndi kuyendako pang'ono mukatha kudya. Kumbali ya mankhwala, ambiri amayamba ndi mapiritsi a metformin.

Pa Ramadan, Asilamu obaya insulini kapena omwa gliclazide aonane ndi dokotala mwezi usanayambe, poti shuga angathe kutsika kwambiri masana. Kudziyeza pachala sikuononga kusala kudya, ndipo shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L munthu amasule pomwepo.