Sulhu, Mudaarah ndi Mudaahanah: Matanthauzo Atatu a Kulolerana m'Mbiri ya Asilamu a ku Mangochi

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Pabwalo la mfumu, pamkumano wa ankhoswe komanso m'misonkhano ya atsogoleri a zipembedzo mumamveka mawu akuti "tiyeni tilolerane." Pa Chingerezi amati compromise. Vuto ndi lakuti liwu limodzili limanyamula zinthu zosiyana. Munthu akakhululukira mnzake gawo la ngongole, timati walolera. Wina akasiya Swala kuti asangalatse bwana wake, timatinso walolera. Ma ulama a fiqhi sanaike zinthu ziwirizi m'dengu limodzi. Anazigawa patatu.

Choyamba ndi sulhu, pangano lothetsa mkangano pomwe munthu amasiya gawo la zimene ndi zake kuti pakhale mtendere. Qur'an yalitamanda m'Surat An-Nisaa ayah 128 pankhani za banja, ndipo m'Surat Al-Hujuraat ayah 9 yalamula kuyanjanitsa magulu awiri a okhulupirira akamenyana. Malire ake ndi akuti pangano lisasandutse haraam kukhala halaal kapena halaal kukhala haraam. Ku Hudaybiyah, m'chaka cha 6 Hijiriya, chomwe ndi 628, Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) anavomera kubwerera ku Madinah osachita Umrah chaka chimenecho. Anavomeranso kuti m'chikalata mulembedwe dzina lake ndi la bambo ake m'malo mwa udindo wake wa Utumiki, chifukwa Suhayl ibn Amr anakana. Maswahaba ena zinawawawa, koma palibe lamulo la Deen limene linagwa. Mu 41 Hijiriya, 661, Hasan ibn Ali anasiyira Mu'awiyah utsogoleri kuti magazi a Asilamu asapitirire kukhetsedwa.

Chachiwiri ndi mudaarah, kufewetsa mawu ndi machitidwe kwa amene usiyana naye, ngakhale kutaya kanthu ka m'dziko, kuti Deen kapena mtendere zitetezeke. Chachitatu ndi mudaahanah, liwu lochokera ku duhn, mafuta odzola: kusalaza choona mpaka kusiya Deen pofuna za m'dziko. Surat Al-Qalam ayah 9 yachenjeza za ichi, ndipo Surat Al-Kaafiruun inatsika kukana ganizo la ma Quraish losinthana kupembedza. Ibn Hajar al-Asqalani ndi ma ulama ena anafotokoza kuti mudaarah ndi yololedwa pomwe mudaahanah ndi yoletsedwa. Choncho funso la wophunzira lisakhale lakuti munthu walolera kapena sanalolere. Lifunse kuti chasiyidwacho n'chayani: n'cha munthuyo, kapena n'cha Allah?

Tiyese muyeso umenewu pa mbiri yathu kuno kunyanja. Chisilamu chinazika mizu pakati pa Ayao kudzera m'maulendo a malonda opita ku Kilwa ndi Zanzibar. Mfumu Makanjira inalowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo Mponda ndi Jalasi anatsatira. Mu December 1889 ansembe a Katolika a White Fathers anafika kwa Mponda. Mfumu inawapatsa malo, zolinga zake zili zandale, ndipo iwo anaphunzitsa ana ndi kupereka mankhwala. Anachoka mu 1891 mudzi uli wa Chisilamu monga anaupezera. Kulandira mlendo wachipembedzo china popanda kusiya chikhulupiriro chako ndiyo mudaarah.

Chaka chomwecho cha 1891 asilikali a Harry Johnston anawombera mudzi wa Mponda, mfumu n'kuvomera zofuna za Angerezi. Linga linamangidwa pafupi, Fort Johnston, dzina limene boma la Mangochi linkadziwika nalo kale. Makanjira ndi Jalasi anasankha nkhondo mpaka anagonjetsedwa mu 1895. Kodi Mponda anagulitsa Deen? Zimene zinatayika ndi mphamvu za ufumu ndi malonda a akapolo, ndipo kugwira mfulu n'kuigulitsa ndi tchimo lalikulu m'Shariya. Mizikiti sinatsekedwe. M'zaka zotsatira Chisilamu chinafalikira kwambiri kudzera mwa aphunzitsi monga Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje, komanso kudzera m'jando. Si kugonja kulikonse pandale kumene kuli kugonja pa Deen.

Nkhani ya sukulu ndiyo inali yolemera. M'nthawi ya atsamunda pafupifupi sukulu zonse zinali za mishoni, ndipo mwana wolowa kumeneko ankakokedwera ku ubatizo ndi dzina latsopano. Makolo ambiri a ku Mangochi anakana kutumiza ana awo, n'kuwasunga ku madrasa. Pa zimene ankaona, anakana mudaahanah, ndipo Chisilamu tili nachochi chinasungika ndi kukana kwawoko. Koma mtengo wake unali waukulu: pamene dziko limalandira ufulu mu 1964, Asilamu ophunzira oti n'kugwira ntchito m'boma anali ochepa kwambiri. Ngozi inabwera pamene kukanako kunapitirira m'mabanja ena ngakhale sukulu za boma zitatseguka, chifukwa chokanira chitachoka. Lamulo la fiqhi limayenda ndi chifukwa chake.

M'badwo wathu waona sulhu pankhani yomweyi. Mu 2000 boma linafuna kuchotsa phunziro la Bible Knowledge m'sukulu za sekondale kuti m'malo mwake mukhale Religious and Moral Education. Mipingo inakana, ndipo mapeto ake maphunziro onse awiri analoledwa. Mu 2021, pambuyo pa mikangano ya hijab m'sukulu za mishoni ku Balaka ndi Machinga, atsogoleri a Chisilamu ndi a Chikhristu anasainirana mgwirizano kudzera ku Public Affairs Committee, wolola mtsikana wa Chisilamu kuvala hijab yogwirizana ndi yunifolomu ya sukulu. Mtundu wa nsalu ndi chinthu chathu, tikhoza kulolera. Kudziphimba ndi lamulo la Allah, ndipo ilo linatsala.

Chodandaulitsa n'chakuti pakati pathu pomwe ndi pamene kulolerana kumativuta. Kwa zaka zambiri a Qadiriya ndi a Sukuti akhala akusemphana pa sikiri pamaliro, pa sadaka ya omwalira ndi pa kuswali Dhuhr pambuyo pa Jumu'ah, mpaka midzi ina kukhala ndi mizikiti iwiri yoyang'anana. Kukambirana ndi umboni n'kofunika, ndipo kubisa zimene ukuona kuti n'zoona poopa anthu ndi mudaahanah. Koma kukana kupereka salaam, kapena kusiya jeneza la Msilamu mnzako chifukwa cha kusiyana kumeneku, si kulimba pa Deen.

Aphunzitsi ndi ophunzira, musanamunene munthu kuti wagulitsa Chisilamu, kapena kumutamanda kuti ndi wokonda mtendere, fufuzani chimene wasiya. Ngati wasiya chuma chake, ulemu wake kapena mpando wake, ali m'njira ya Hudaybiyah ndi ya Hasan. Ngati wasiya malire a Allah, dzina lokoma silingayeretse zimene wachita. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.