Kogona kwa mwana wa sukulu: kucokera ku Messumba kufika ku Lichinga

Kuno ku Niassa midzi yathu ndi yotalikirana. Kuyambira kale, mwana wofuna kupitiriza maphunziro amayenera kupeza mphasa ndi denga kutali ndi amai ake. Nchifukwa cace ndimati pokamba mbiri ya sukulu tisamaiwale mbiri ya kogona.

Makolo athu a m'mphepete mwa nyanja anayambira kwa amishoni a Angilikani, amene anakhazikika pa Likoma mu 1885 nadzamanganso ku Messumba. Mwana wocokera kutali ankagona pa mishoni pomwepo. Vila Cabral, tauni imene Apwitikizi anayamba mu 1931, inalibe sukulu ya ukacenjede. Ya dziko lonse inali imodzi yokha, ku Lourenço Marques, yokhazikitsidwa mu 1962, ndipo mwana wa msodzi sankailota n'komwe.

Ufulu utabwera mu 1975, tauni ija inachedwa Lichinga, boma linatenga sukulu m'manja mwace, ndipo ana a kumidzi anayamba kugona m'nyumba za ophunzira zimene timati lar. Koma nkhondo inatseka miseu, mabanja ambiri anathawira ku Malawi, ndipo maphunziro a ana oculuka anaduka mpaka mtendere wa 1992.

Pambuyo pace ukacenjede unayandikira. Universidade Católica inatsegula maphunziro a zaulimi ku Cuamba. UniLúrio, yokhazikitsidwa mu 2006, inaika sukulu yace ya zaulimi ku Unango, m'dera la Sanga. Nthambi ya Universidade Pedagógica ku Lichinga inalowa mu UniRovuma mu 2019.

Makalasi anaculuka msanga kuposa mabedi. Ine ndi anzanga atatu tinkacita lendi kacipinda ku Chiuaula. Lichinga ili pamwamba pa mapiri, ndipo mu Juni ndi Julayi mwana wa kunyanja amadziwa kuti cisanu n'ciani. Tinkawerenga titazungulira mbaula, bulangeti lili paphewa. Ine ndinkalandira usipa wouma wobwera pa chapa kucokera ku Metangula, mnzanga Myao ankabwera ndi nyemba ndi mbatatesi, Mmakua wa ku Cuamba ndi ufa. M'kalasi tinkalankhula Cipwitikizi, koma pa nsima aliyense ankaphunzira cilankhulo ca mnzace. Thumba la mmodzi likachedwa, poto ankakhalabe pamoto.

Amene ndinawaona akubwerera kumudzi asanamalize sanali operewera nzeru. Ambiri inawagonjetsa ndi lendi, ndipo atsikana ndiwo ankavutika koposa, pakuti makolo ankaopa kuwasiya m'tauni popanda wowayang'anira.

Tsono inu makolo, mwana akakhoza mayeso, musanayambe nthungululu funsani kuti akagona kuti ndipo akadya ndi yani. Mukhale pansi ndi amalume ace, mugawane za ufa, makala ndi lendi caka cisanayambe.