John Wooden

John Wooden anali mphunzitsi wa mpira wa basketball wa ku America. Anabadwa mu 1910 m'chigawo cha Indiana ndipo anasewerera yunivesite ya Purdue. Poyamba ankaphunzitsa Chingelezi ndi masewero kusekondale, kenaka mu 1946 anakhala kochi wa koleji ya Indiana State. Mu 1948 anasamukira ku yunivesite ya UCLA, mumzinda wa Los Angeles.

Chikho cha NCAA, mpikisano wa makoleji a ku America, chinachedwa kubwera, mpaka mu 1964. Koma popuma pantchito mu 1975 anali atatenga zikho 10, ndipo 7 mwa izo zinali zotsatizana. Pakati pa 1971 ndi 1974 timu yake inapambana masewero 88 osagonjako. Ena mwa osewera amene anawasula ndi Kareem Abdul-Jabbar ndi Bill Walton. Anamwalira mu 2010 ali ndi zaka 99.