Chimanga cha makolo chinabwera pa chombo

Agogo anga aakazi ankamangirira zisononkho za mbewu pamwamba pa moto m'khitchini, mpaka makoko ake kuda ndi mwaye. Ankati ichi ndi chimanga cha makolo, ndipo ine ndinakula ndikuganiza kuti makolowo anachipeza chitamera kale pa dziko lino. Ndinali wamkulu ndithu pamene ndinadziwa kuti kwawo kwa chimanga ndi ku Mexico, ndi kuti chinafika mu Africa pa zombo za Apwitikizi chaka cha 1500 chitadutsa.

Dzina lake lomwe limaulula. Akatswiri a zilankhulo amati "chimanga" ndi chinthu chochokera ku Manga, ndiko kunena kugombe la nyanja yamchere kumene kunkachokera amalonda a Chiarabu. Aswahili amachitcha mahindi, ngati kuti chinachokera ku India. Tonse tinasokonezeka za kwawo, koma tinagwirizana kuti ndi mlendo. Chisanakhazikike, nsima inali ya mapira ndi mawere.

Mlendoyu sanalande mudzi tsiku limodzi. Kwa zaka mazana amayi ankasankha okha zisononkho za maso olimba, zosaphwanyika mumtondo pokonola, zotulutsa mphale yambiri ndi madeya ochepa, zosafumbwa msanga m'nkhokwe. Kusankha kumeneko ndiko kunasandutsa mbewu ya ku Mexico kukhala ya makolo. Ine ndimaona kuti dzinalo si bodza ayi, anachigwirira ntchito.

Zinasintha ndi mbewu za haibridi. Mu 1960, ku Southern Rhodesia kunatuluka SR52, yobereka kwambiri, imene inafala mpaka ku Zambia. Ku Malawi alangizi ankadabwa kuti alimi akukana mbewu zoterezi, ena n'kumati ndi umbuli. Sanafunse amayi. Haibridi wa nthawi imeneyo anali wofewa, ukamukonola ankangonyenyeka, ndipo anankafumbwe ankamumaliza mvula isanagwe. Akatswiri a ku Chitedze atatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbewu zolimbako zopirira mtondo, anthu omwe aja anazilandira.

Koma haibridi sabzalidwa kawiri bwinobwino. Chaka chilichonse umakagula ina, ndipo imafuna feteleza wochokera kunja. Kuyambira mu 2005, boma la Malawi litayamba makuponi a zipangizo zotsika mtengo, nyengo yadzinja timayamba kuiwerengera pa mzere wa kudepoti. Nkhondo itabuka ku Ukraine mu 2022, mtengo wa thumba la feteleza unakwera m'mudzi mwathu, momwe ambiri sakanatha kuloza dzikolo pa mapu. Ngakhale mbozi zimene zinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017 zinachokera ku America komweko, ngati zinkalondola m'bale wawo.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga amene amati zakunja zikutiwonongera chikhalidwe. Nsima imene akuiteteza ndi yakunjanso. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti kale mlendo tinkamulandira n'kumusunga kudenga kwathu, pomwe lero timachita kumubwereka ndi ndalama.

Mawere atsala ochepa, ongopangira chimera cha thobwa. Chaka chatha ndinafunafuna mbewu ya agogo ija m'mudzi monse. Ndinaipeza kwa mayi mmodzi wokalamba, zisononkho zisanu ndi chimodzi, ndipo anandipatsako ziwiri atandilonjezetsa kuti ndikabzala kutali ndi munda wa haibridi.