Payslip inapita ndi mgodi

Kwa zaka pafupifupi 90, mgodi wa Kabwe unadyetsa mabanja a m'makomboni oyandikana nawo, monga Makandanyama. ZCCM itautseka mu 1994, malipiro anatha, ndipo wopanda payslip analibe chokaonetsa kubanki. Makolo athu anadalira chilimba ndi kaloba wa chiwongoladzanja chowawa.

Mu 2006 Bank of Zambia inavomereza Credit Reference Bureau yoyamba, yosunga mbiri ya okongola. Lero khadi la nkhongole la kubanki lifunabe umboni wa malipiro, pamene MTN Kongola iyang'ana mmene tigwiritsira nchito MoMo. Kukongola pafoni n'kosavuta, koma tikalephera kubweza, dzina likhoza kuipa ku CRB, ndipo khadi lija tingalisowe ngakhale titapeza nchito.